Funso limene sindinamufunse mwana wanga

Amene anayamba kundibweretsera uthengawo anali bambo woyendetsa boti, amene tonse pachilumba timangowatcha Bakaputeni. Anandipeza kuseri kwa nyumba yochapira ndikupinda matawulo, nandipatsa kapepala kopinda kanayi, konyowa m'mphepete, konunkhira tomato chifukwa kanabwera m'bokosi la ndiwo.

"Alamu anu andipatsa kudoko," anatero monong'ona. "Ati musawerengere pagulu."

Alamu angawo ndi mlongo wa malemu amuna anga. Ndiwo amene amayang'anira za ana anga aakazi, monga mwambo unenera. Analemba mawu ochepa. Anati mwana wanga woyamba, amene anakwatiwa chaka chathachi kumudzi wina wa kwa Shikabeta, amulanga za pathupi ndipo mwambo wayenda bwino. Anati ali m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Anamaliza ndi kunena kuti mwanayo ndi wamphamvu, akufuna ayambe wamaliza kupalira, kuchipatala adzapita matenda akayamba.

Ndinawerenga kawiri, kenako ndinakhala pansi pa matawulo a alendo. Mwezi wachisanu ndi chitatu! Ine m'mutu mwanga ndinali nditawerenga isanu ndi umodzi.

Ndifotokoze kaye kumene ndinali. Ndimagwira ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina imene ili pakachilumba pakati pa mtsinje wa Lunsemfwa. Ndi kachilumba koti mukayenda kuchoka kumutu kufika kumchira simungamalize kupemphera kolona. Pali matenti asanu ndi limodzi omangidwa pamatabwa, pansi pa mikuyu ndi misikidzi. Alendo amene amabwera kumeneko sabwerera nyama ayi, amabwerera kukhala chete. Akangotsika m'boti amaika mafoni awo mudengu, ndipo masiku onse amakhala pamphasa maso ali chitsinzinire, atayang'ana kumadzi. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi anamfedwa. Kenako ndinamva kuti kwawo phokoso ndi lambiri, moti chete amachita kumutsata kutali.

Chifukwa cha chimenecho, ife antchito tili ndi malamulo athu. Timayenda kanjira kakumbuyo, kuseri kwa mpanda wa bango. Patapata savala, chifukwa amalira kuchidendene. Kuitana mnzako patali ndi mlandu, umachita kupita kukamugwira paphewa. Kuimba ndiye ayi. Ine amene ndakhala mu kwaya kuyambira ndili mtsikana ndinaphunzira kuimbira m'mimba, milomo ili chitsekere, nsimbi ikuyenda pansalu. Sindikudandaula. Mabwana athu si anthu oipa, ndipo ntchito imeneyi ndiyo ikuphunzitsa ana anga awiri aang'ono chimwalirireni atate awo. Ndimathokoza Mulungu m'mawa uliwonse. Koma munthu ukakhala malo otere miyezi yambiri, mawu amakulowera m'kati ngati kamba.

M'mwezi wa Ogasiti anandipatsa masiku anayi ndinapita kumudzi. Mwana wanga anabwera kudzandiona. Ndinaona ndithu. Mayi saphonya zotere. Tinsomba ta kapenta timene ndinamubweretsera anatikankhira kumbali, chitenje anamanga m'mwamba pang'ono, ndipo pogwada kundipatsa madzi anagwira pansi ndi dzanja. Mtima wanga unavina. Koma kwathu kuno mayi safunsa mwana wake za pathupi poyamba. Umaona, umakhala ngati sunaone, mpaka azakhali ake ndi alangizi atakamuuza mwamwambo, kenako iwo ndiwo amabwera kudzakuuza iwe. Ukatsogola pakamwa amati wawalumpha akuluakulu, ndipo kanthu kakalakwika zala zonse zimaloza iwe. Ndiye ndinakhala chete. Ndinangomuyang'ana m'chiuno, ndi kudziwerengera ndekha kuti pangakhale miyezi iwiri. Mwanayo ndi wamtali ngati atate ake, mimba inabisala. Inali miyezi inayi.

Nditabwerera kuntchito mabwana anafunsa amene angatsale pachilumba nthawi ya dzinja. Mvula ikayamba loji imatsekedwa, alendo ndi antchito onse amapita, kumatsala anthu atatu osunga malo. Ine ndinawerenga zala zanga zolakwikazo, ndinati mwana adzachira cha mu Malichi, ndidzakhala nditatuluka kale. Ndinakweza dzanja ndekha. Palibe anandikakamiza.

Tsono chimene chinandikhazika pa matawulo tsiku lija si manyazi a kuwerenga molakwa. Pali chinthu chimene ndinkachidziwa ine ndekha. Pobadwa mwana ameneyu ndinataya magazi ambiri, moti ndinatsitsimuka tsiku lachiwiri ndili pabedi m'chipatala cha ku Mpanshya, wansembe atandidzoza kale mafuta. Ndinapulumuka chifukwa ndinali pafupi ndi chipatala. Mkulu wanga, wobadwa naye mimba imodzi, zinamuchitikira zomwezo ali pangolo ya ng'ombe, ndipo sanafike. Alamu anga nthawi imeneyo anali ku Kitwe, sanazione. Amuna anga amene ankadziwa anapita. Mwana wanga sindinamuuzepo, chifukwa nkhani za m'chikuta mayi sakamba ndi mwana wake. Ndinkati nthawi ikadzakwana ndidzangomunyamula ndekha kupita naye kunyumba yodikirira ya kuchipatala mwezi usanakwane, ndikamuphikire, osafunika kufotokoza kanthu. Ndipo apa akuti adzanyamuka matenda akayamba, m'dzinja, pamsewu wa kwa Shikabeta umene timitsinje timadula mvula ikagwa kawiri.

Ndinathamangira Bakaputeni. Ndinati mawa m'mawa mundiwolotse.

"Palibe vuto, amayi," anatero. "Koma tipalasa ndi manja. Injini ndaikweza pa motoka pamodzi ndi alendo omaliza, yapita ku Lusaka kukakonzedwa."

Kutacha ndinatuluka ndi kachikwama kanga, ndinapeza doko kulibe. Masitepe a matabwa amene timatsikira anali pansi pa madzi. Kwathu kuno sikunagwe mvula yambiri, inagwa kumapiri, ndipo mtsinje unabwera nayo wonse pakamodzi, wofiira ngati dothi la chulu, ukulira ngati chigayo. Mchenga umene ng'ona zinkaothera dzuwa unali utapita. Tsidya lija, limene masiku onse ndinkaona ngati pakhomo pa mnzanga, linali litathawira kutali.

"Tiyeni tiyese," ndinatero.

Bakaputeni anangoloza ndi mlomo. Panadutsa mtengo wathunthu, mizu ili m'mwamba, ukutembenuka ngati munthu wosowa tulo.

"Ine ndawolotsa anthu zaka zambiri," anatero pambuyo pake. "Ndikakuikani m'bwato lero, mwana wanu alira maliro ali ndi pakati. Ndi zimene mufuna?"

Tinalankhula ndi abwana pa wailesi ya muofesi. Anandimvera chisoni ndithu, koma anati ngakhale injini itakonzedwa, msewu wofika kudoko wadukanso, tidikire madzi atsike. Tinatsala atatu: ine, Bakaputeni, ndi wophika wathu wa ku Katete amene timamutcha Bakhukhi, munthu wamfupi wosatha nthabwala.

Masiku amenewo sindidzawaiwala. Ntchito ya dzinja ndi kulimbana ndi chuku. Chilichonse chimachita nkhungu, mapilo, makatani, ngakhale nsapato. Dzuwa likangosuzumira timathamanga kutulutsa matiresi khumi ndi awiri, mtambo ukabwera timathamanga kuwalowetsa. Tsiku lina tinatulutsa ndi kulowetsa kasanu. Ndinkayala mabedi oyera a anthu amene kulibe, ndikuganiza za mwana wanga ali chiweramire m'munda ndi khasu. Ndikamaliza ndinkazungulira chilumba ndi kolona m'manja, kumutu, kumchira, kumutu, ngati mbuzi yapachingwe. Kulikonse kumene ndatembenukira, madzi. Ndipo chodabwitsa, alendo anali atapita, koma atatufe tinkalankhulabe monong'ona. Palibe anatiuza. Pakhosi panali patazolowera.

Netiweki pachilumba imapezeka malo amodzi okha, pachulu chachikulu cha kumchira. Ngakhale pamenepo siigwira uli chiimire. Anyamata a ntchito anatulukira nzeru yomangirira foni kunsonga ya nsungwi yaitali ndi mphira, kuitsegula kuti izilankhula mokweza, ndi kuikweza m'mwamba. Uthenga wolemba umapita wokha ukaikweza. Koma kulankhula, umayenera kuyang'ana kumwamba ndi kukuwa. N'chifukwa chake nthawi ya alendo zinali zoletsedwa. Vuto lina linali moto wa mufoni. Masola athu pa mitambo sakoka, ndipo kamoto kochepa kamene kalowa timasungira wailesi.

Foni ya alamu anga sinkapezeka, kumudzi kwawo netiweki kulibe. Mwana wanga alibe foni yakeyake, ili imodzi panyumba, ndipo amayenda nayo ndi amuna ake. Apongozi anga. Munthu amene chikwatireni mwana wanga sitinayang'anepo m'maso, amene tikakumana panjira amapatukira kutchire n'kugwada, ine n'kupatukira mbali inayo, moni tikupatsana titafulatirana.

Ndinayamba ndi kulemba. Ndinati, apongozi, chonde mwana apite akadikirire ku Mpanshya. Yankho linabwera tsiku lotsatira: "Zikomo amayi. Ali bwino kwambiri, musade nkhawa. Tikamaliza kupalira tiona." Mwana wa eni ake sanalakwe. Ndinamuuza chochita, koma chifukwa chake sindinamuuze.

Patapita masiku atatu dzuwa linawala theka la tsiku, Bakhukhi anandigawira moto pang'ono, tinapita pachulu tonse atatu. Bakaputeni anagwira nsungwi, chifukwa imalemera ndipo mphepo imaigwedeza. Foni inalira, inayankhidwa.

"Apongozi, muli bwanji?" ndinatero.

"Tili bwino, amayi, kaya inu kumadziko?"

"Tili bwino. Kaya kunyumba?"

"Kunyumba kuli bwino, kaya anzanu a ntchito?"

"Ali bwino. Kaya amayi anu, mwendo uja?"

"Ukuchitako bwino, amayi, zikomo pofunsa. Kaya mvula kumeneko?"

Tinafunsana za mvula. Tinafunsana za chimanga, za mbozi zimene zalowa m'minda, za ng'ombe imene inathyoka nyanga. Ine mawu enieni ndinkangowazungulira, ndikufunafuna khomo laulemu lolowera. Ndinangofika poti, "Nanga anzanu aja akudzuka bwanji?" foni inati zii. Moto watha.

Bakaputeni anatsitsa nsungwi. Bakhukhi anakhala pansi pachulu, nagwira mutu.

"Amayi, ine ndakupatsani moto wa masiku atatu, inu mwaphikira ng'ombe yothyoka nyanga?"

"Bakhukhi, ndi apongozi anga aja."

"Eee, ndamva. Ulemu wake ngati wa maliro a mfumu. Mukanapitiriza mukanafunsanso nkhuku imodziimodzi."

Ndinafuna kuseka koma misozi ndiyo inatuluka. Iwo anasiya nthabwala. Anati, "Kodi n'chiyani chimene mufuna kunena, chimene chikukanika kutuluka?" Ndinati si nkhani ya amuna. Anati, "Chabwino. Koma pano pachilumba mkazi ndinu nokha, ndipo kutsidya wogwira foni ndi mwamuna. Mudikira mkazi achokere kuti, m'madzimu?"

Mitambo inatseka masiku asanu. M'masiku amenewo ndinakangana ndi Mulungu, ndikuvomera. Ndinati, Ambuye, mwambo sindinaupange ine, ndinaupeza, ndausunga moyo wanga wonse, bwanji lero ukundimanga manja? Ndinapempha kuti madzi atsike kuti ndikachite mwakachetechete monga ndinakonzera. Madzi anakwera. Ndinapempha kuti alamu anga apite kumsika kumene kuli netiweki. Sanapite. M'mawa wina ndikusita nsalu ya patebulo imene palibe akanadyerapo, ndinakumbukira nkhope ya mkulu wanga pamene ankamutsitsa pangolo. Iyenso anazungulidwa ndi anthu aulemu okhaokha. Ndinaika nsimbi pansi. Ndinati, manyazi anga ndi moyo wa mwana wanga, cholemera n'chiti? Funso lake n'lopepuka mukaliwerenga papepala. Ine linanditengera masiku asanu.

Dzuwa litabwerera tinapitanso pachulu. Bakhukhi anati, "Ife titseke makutu?" Bakaputeni anati, "Ine manja ali pansungwi, nditseka ndi chiyani?" Ndinati musatseke, mungoyang'ana kumadzi.

"Amayi, muli bwanji kumadzi…"

"Apongozi, moni tipatsana tsiku lina!" Ndinakuwa mpaka mbalame zinabalalika mumkuyu. Miyezi isanu ndi umodzi ndinali ndisanatulutse mawu otero. "Mundikhululukire, ndilankhula zosayenera. Mkazi wanu pobadwa, ine ndinataya magazi, ndinatsala pang'ono kufa. Mkulu wanga anafa nazo pangolo. Zili m'magazi mwathu. Mukadikira matenda ayambe, mudzamunyamula wamoyo koma simudzafika naye. Mwamva?"

Kumwamba kunsungwi kunali zii. Ndinaganiza kuti moto wathanso.

"Apongozi, mwamva?"

"Ndamva, amayi." Mawu ake anali aang'ono ngati a mwana.

"Munda usiyeni. Udzu sunaphepo munthu. Mupite naye lero, timitsinje tisanadzaze. Alamu anga apite akamuphikire. Akakufunsani akuluakulu, munene kuti ndine ndalumpha mwambo, mlandu ndi wanga."

"Amayi, njinga yamoto ya a…"

Foni inathima.

Bakaputeni anatsitsa nsungwi pang'onopang'ono, maso ali kumadzi monga ndinawauzira. Bakhukhi anapukuta kumaso ndi chipewa, nati, "Utsi wa kukhitchini uwu, umanditsata kulikonse." Sanandisekenso za nkhani imeneyo, mpaka lero.

Kenako kunali kudikira, ndipo kumeneko ndiko kunali ndende yeniyeni. Poyamba ndinali ndi chochita chimene ndinkachiopa. Tsopano ndinalibe chochita chilichonse. Sindinadziwe ngati anamvera, kapena anakhumudwa, kapena amayi ake anati mkazi uja madzi amuzunguza mutu. Tinkakweza nsungwi tsiku lililonse pamene pali kamoto, n'kuitsitsa yopanda kanthu. Ndinkachapa nsalu zoyera kale. Ndinasoka timalaya tiwiri ndi nsalu ya pilo yakutha imene abwana anandipatsa kalekale, kenako ndinaopa kuti ndatsogola, ndinatibisa pansi pa chikwama.

Tsiku lachinayi foni inatsika ndi mawu atatu: "Tafika ku Mpanshya." Ndinagwada pachulu pomwepo, chiswe chikundiluma m'maondo, osachimva.

Panapita masabata awiri ndi masiku. Madzi anayamba kusiya mzere wa zinyalala pamitengo, kusonyeza kuti akutsika, koma pang'ono ngati nkhono. Ndiye masana ena, titangolowetsa matiresi, Bakhukhi anabwera akuthamanga ndi nsungwi yonse paphewa, osamasula n'komwe foni. Uthenga unali wochokera kwa alamu anga, pa foni ya apongozi: "Wachira, mwana wamkazi. Magazi anataya ambiri monga munanenera, anamwino anali pomwepo, amuika ena. Ali moyo onse awiri."

Sindikumbuka kuti ndinayamba bwanji. Ndinangopezeka ndili pakhonde la tenti yoyamba, pamene alendo olemekezeka amakhala chitsinzinire, ndikuimba nyimbo yoyamika ndi mawu anga onse a kwaya. Bakhukhi analowa ndi besi yokhota, akuimba poto ndi chikombe. Bakaputeni, amene sapemphera kutchalitchi kwathu, ankangoomba m'manja mosemphana ndi nyimbo. Mvuu zinayankha kumusi. Tikanakhala nthawi ya alendo, tonse atatu ntchito ikanatha tsiku limenelo.

Ndinawoloka mwana ali ndi masabata atatu, mchombo utagwa kale, zonse zimene ine ambuye ake ndimayenera kuchita atachita alamu anga. Zimenezo zinandipweteka, sindinama. Ndinapeza mwana wanga atakhala pamphasa pakhonde, wayezuka, milomo yotuwa, kakhanda kali pamiyendo.

"Amayi, bwanji simunandiuze?"

"Nanga iwe bwanji sunandiuze kuti ndi miyezi inayi?"

"Simunandifunse."

"Ndikanakufunsa ukanayankha?"

Anaganiza, nati, "Ndikanathawira kuseri kwa nkhokwe." Tinaseka mpaka mwana anadzidzimuka, kenako tinalira.

Alamu anga anandikokera pambali nati akuluakulu ena anang'ung'udza, ati nkhani za m'chikuta zakuwidwa pamtunda ngati malonda a tomato. Ndinati ndavomera, ndipo ndinapita ndi nkhuku kukapepesa. Anailandira. Mayi wina wachikulire mwa alangiziwo, ndikutuluka, anandigwira dzanja mwamphamvu. Apongozi anga ndiye chiwafikireni sindinawaone bwino. Atangomva mawu anga pabwalo analowa m'chimanga, m'munda uja wa udzu wofika m'chiuno, ndipo moni anandipatsira m'menemo. Ndinamva kuti tsiku lija sanapeze njinga yamoto, anayenda wapansi kukabwereka ngolo, nawoloka ndi mwana wanga kamtsinje komaliza madzi ali m'mimba mwa ng'ombe. Kutacha kamtsinjeko sikanawolokekenso sabata yathunthu. Ndilibe mawu omuthokozera mwana ameneyu, ndipo ngakhale ndikanakhala nawo, mwambo sundilola kumuuza pamaso. Ndawalemba pano.

Ndinakhala masiku asanu ndi limodzi, ndinabwerera. Ndikulemba zino ndili pachilumba pomwe pano, pa tebulo lositira, alendo abweranso ndipo tayambanso kunong'ona. Madzi atsika, injini ilipo, koma tchuthi changa chili kutali, ndipo mdzukulu wanga akuphunzira kukhala pansi ine ndikumuonera pa kachithunzi ka pafoni. Ndili ndi mwana wina wamkazi amene akukula. Ameneyo ndamuuza kale zonse, tili awiri kumunda, iye akuyang'ana uko ine uku.

Inu amene mwawerenga, mukamagwada mutikumbukire. Mwana wanga mphamvu sizinabwerere bwino, akaweramira khasu amaona chizungulire, ndipo chimanga chawo chaka chino chinadyedwa ndi udzu chifukwa cha mawu anga. Mukumbukire iye ndi kamwana kake, apongozi anga, alamu anga, ndi ana awiri amene akugona okha pakhomo amayi awo ali pakati pa madzi. Mutchule banja la mayi wochapa wa pachilumba, Mwini wake adziwa amene mukunena.